Katsindwi ka pa Chilembo Ŵ



 Mwezi uno ndafuna kuti ticheze za kanthu kakang'ono ndithu, kochepa ngati njere ya maŵere, kamene ambiri a inu mumakaona m'Buku Loyera, koma mukafuna kukalemba pa makina mumakasoŵa. Ndikunena katsindwi kaja kokhala pamwamba pa chilembo w m'mau onga aŵa: nthaŵi, kudziŵa, kuŵerenga, ndiponso m'dzina la dziko lathu, Malaŵi. Kapena wina adzati: Kodi mkuluyu wasoŵa nkhani, kuti atitayitse nthaŵi ndi kadontho ka inki? Pirirani pang'ono, abale, muyambe mwamva chimene chidandigwera.

Pokonzekera chaka cha nkhoswe ya tchalitchi chathu, akulu a mpingo adandipatsa ine kuti ndilembe pepala logaŵa ntchito. Manja anga adazoloŵera choko ndi cholembera, tsono ndidapempha mdzukulu wanga kuti alilembe pa kompyuta ya ku ofesi ya parishi. Mnyamatayo adalemba msanga, nalisindikiza, ndipo tidalikhoma pa chitseko cha tchalitchi. Pa mzere wina padalembedwa kuti Bambo Mfumu adzawaza madzi odalitsidwa pa mbeu, ndipo pa mzere wotsatira, kuti anyamata adzawaza nkhuni zophikira alendo. Itatha Misa, nkhalamba ina ya kwao ku Kasungu idaima pachitsekopo, niŵerenga pang'onopang'ono ndi chala, ndipo idatembenukira kwa ine niti: "Aphunzitsi, kodi nkhuni nazo aziwaza ngati madzi? Kwathu nkhuni timaŵaza ndi nkhwangwa." Anthu adaseka, inenso ndidaseka nawo, koma mumtima ndidachita manyazi, pakuti nkhalambayo idanena zoona: kuwaza madzi ndi kuŵaza nkhuni ndi mau aŵiri, ndipo chimene chiŵasiyanitsa pa pepala ndi katsindwi kokhako.

Nditamfunsa mdzukulu wanga, adayankha kuti: "Agogo, chilembo chimenecho pa makinaŵa palibe." Pa mabatani palibedi. Koma tidafunsa kwa odziŵa, pakuti safunsa adadya phula, ndipo tidapeza kuti m'kati mwa makinamo chilembocho chilimo kale, chingosoŵa munthu wochitsegulira khomo. Zimene tidaphunzirazo ndizo ndikubweretserani lero.

Liu lake ndi abale ake

Tiyambe ndi pakamwa. Mukanena iwe, kapena wanga, milomo imabulungika ndi kutsogola, monga munthu wokoleza moto ndi mpweya. Mukanena maŵa monga anenera achikulire a ku Kasungu, milomo sibulungika iai, ingoyandikana yosakhudzana, monga ngati mudafuna kunena b ndipo mwalekezera panjira. Liu limeneli ndi lakale ndithu, ndipo abale ake tiŵamva m'zinenero za anansi athu. Ife titi kuŵerenga, Ashona ati kuverenga. Ife titi aŵiri, iwo ati vaviri. Atumbuka ati ŵanthu pamene ife titi anthu, ndipo iwo alimveketsa liulo kuposa ife. Apwitikizi atafika m'maiko a ku Zambezi namva dzina la makolo athu, adasoŵa chilembo choyenera, nalemba Maravi, chifukwa liulo lidaŵamvekera ngati v.

Lamulo lake silivuta. Chilembo ŵ chimatsatidwa ndi a, e, kapena i, koma patsogolo pa o ndi u timalemba w wamba. Nchifukwa chake tilemba kugaŵa, koma chigawo. Tilemba anthu aŵa, koma anthu awo. Sikuti w aliyense wotsatidwa ndi a, e, kapena i alandira katsindwi: iwe, wanga ndi mwana alibe. Apa khutu la nkhalamba lithandiza koposa buku.

Za kalembedwe kake mbiri ili chonchi. Dr. Hastings Kamuzu Banda, mwana wa ku Kasungu, akali wophunzira ku America adathandiza Mark Hanna Watkins kulemba buku la malamulo a Chicheŵa, limene lidatuluka mu 1937. Dziko litalandira ufulu pa 6 July 1964 lidatchedwa Malaŵi, ndipo pa masitampa ndi pa makobiri ambiri a zaka zotsatira dzinalo lidadindidwa ndi katsindwi kake. Mu 1968 Chicheŵa chidakhala chinenero cha fuko lonse. Mu 1972 lidakhazikitsidwa bungwe la Chichewa Board, limene lidatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, niliŵakonzanso mu 1980 ndi mu 1990. Bungwelo lidatha, ndipo kuyambira mu 1996 ntchito yosamala zinenero ili m'manja mwa Centre for Language Studies ya ku University of Malawi. Buku Loyera, limene Akatolika ndi akristu a mipingo ina adamasulira pamodzi nilituluka mu 1998, lisunga katsindwi kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Koma m'manyuzipepala ndi m'makalata a masiku ano kaŵirikaŵiri simukaona.

Ndinene poyera kuti anthu ambiri, makamaka a chigawo cha kumwera, salitchula liuli mosiyana ndi w, ndipo Chicheŵa chao nchabwino ndithu. Kusiya katsindwi si tchimo loti mukalinene m'kulapa. Koma kusiya chinthu chifukwa mwasankha nkwina, kuchisiya chifukwa makina akukanizani nkwinanso. Ambiri adakataya katsindwi asadafunsidwe ngati akufuna kukataya.

Chifukwa chake palibe batani lake

Makina olembera, amene tinkati taipi, adayamba kugulitsidwa ku America mu 1874 ndi kampani ya Remington, potsata nzeru ya Christopher Latham Sholes. Ndiwo adatisiyira mndandanda uja woyamba ndi Q, W, E, R, T, Y, umene muuona pa kompyuta ndi pa foni kufikira lero. Chingerezi chili ndi zilembo 26 zopanda tizizindikiro pamwamba, choncho amisiriwo sadaone chosoŵa. Afalansa, amene chinenero chao chili ndi tizizindikiro tambiri, adaikapo batani limene lidatchedwa lakufa: ukalimenya, kachizindikiro kadindika pa pepala koma chotengera pepala sichisuntha, ndipo chilembo chotsatira chigwera pansi pa kachizindikiroko. Mlembi wokhala ndi taipi ya Chingerezi analibe mwai umenewo. Ankatsiriza tsamba lonse, natenga cholembera, nayamba kufolera ma w ake limodzilimodzi ndi dzanja.

Makompyuta atabwera adatengera umphaŵi womwewo. Kompyuta sidziŵa chilembo, idziŵa nambala. Chilembo chilichonse chili ndi nambala yake m'kaundula. Kaundula wa ASCII, amene adatuluka mu 1963, anali ndi malo 128 okha, ndipo ŵ analibemo. Koma mu 1991 kudatuluka kaundula wamkulu wotchedwa Unicode, wofuna kulemba zilembo za mitundu yonse ya anthu, ndipo m'menemo Ŵ wamkulu adalandira nambala 372, ŵ wamng'ono nambala 373. Amisiri amazilemba nambalazi mwa kaŵerengedwe kao chonchi: U+0174 ndi U+0175. Zilembeni pa chikuto cha kope lanu, mudzazifuna.

Pa chinthu chimenechi tili ndi anzathu amene sitidaŵayembekeze. Anthu a ku Wales, dziko lina la ku Britain, nawonso alemba ŵ m'chinenero chao, monga m'liu lakuti dŵr, ndiye kuti madzi, ngakhale iwo amtchula mwa njira ina. Kachizindikiroko akatcha to bach, kumasulira kwake kadenga kakang'ono. Taonani, anthu a kutsidya kwa nyanja ndi ife tidaona chinthu chimodzi, tonse tidati ndi tsindwi la nyumba! Njira zambiri zolembera ŵ zimene zili m'makina lero zidakonzedwera iwo, ndipo ife tingoyenda m'njira imene anzathu adalambula.

Tsono mvetsani bwino apa, pakuti mutu wa nkhani ndi umenewu. Chilembo chimene chidapakidwa pa batani ndi utoto chabe. Mukadina batani, ilo silinena kwa kompyuta kuti "ndine w" iai. Lili ngati mwana wotumidwa amene angonena nyumba imene wachokera, kuti mzere wakuti, malo akuti. Kompyuta ikalandira uthengawo iyang'ana m'kaundula wina wamng'ono, amene anena kuti batani la pamalo akuti litulutse chilembo chakuti. Kaundula ameneyu atheka kusinthidwa. Nchifukwa chake kiyibodi imodzimodzi itha kulemba Chingerezi m'maŵa ndi Chigriki madzulo, popanda kumasula msomali ndi umodzi womwe. Kupatsa batani ntchito yatsopano ndiko kusintha mzere umodzi m'kaundulamo.

Njira zake

Njira yoyamba, imene ndiiyamikira kwa onse okhala ndi Windows, ndiyo kusankha kiyibodi yokonzeka kale yotchedwa United Kingdom Extended. Loŵani mu Settings, pa chigawo cha nthaŵi ndi chinenero. Pa Chingerezi cha ku United Kingdom sankhani kuonjeza kiyibodi, ndipo mudzaipeza m'mndandanda. Mukatero, gwirani batani la Alt la ku dzanja lamanja, limene pa makina ena lidalembedwa AltGr, ndi kudina 6. Palibe chidzaoneka, pakuti limeneli ndi batani lakufa lija la pa taipi. Tayani zonse ziŵiri, dinani w, ndipo ŵ adzatuluka. Mukafuna wamkulu, dinani w pamodzi ndi Shift. Posinthana pakati pa kiyibodi yakale ndi yatsopano, dinani batani la Windows pamodzi ndi batani lalitali lija lolekanitsa mau. Musadabwe mukaona kuti @ ndi zizindikiro za mau ogwidwa zasinthana malo. Ngati makina anu adapakidwa mwa Chimereka, zimenezi zichitika, ndipo zala zizoloŵera pa masiku oŵerengeka.

Njira yachiŵiri ndi ya amene ntchito yao yonse ili mu Microsoft Word. Pitani pa Insert, pa Symbol, ndi pa More Symbols. Funani ŵ m'gulu lotchedwa Latin Extended-A, mumsankhe, ndipo dinani polembedwa Shortcut Key. Pamenepo Word adzakufunsani mabatani amene mufuna kuti azitulutsa chilembocho, nadzakuuzaninso ngati mabataniwo ali kale ndi ntchito ina. Musasankhe Ctrl ndi W, pakuti aŵiri ameneŵa ntchito yao ndi kutseka kalata imene mukulemba. Chitaninso chimodzimodzi ndi Ŵ wamkulu. Dziŵani kuti njira imeneyi ithera mu Word momwemo; mukatuluka kukalemba pa intaneti, sikutsatani.

Ilipo njira ina ya mu Word ya munthu wofuna ŵ kamodzikamodzi: lembani U+0175, ndipo pomwepo dinani Alt pamodzi ndi X, nambalayo idzasanduka chilembo. Ena amasiya U+ ndi kulemba 0175 yekha, ndipo m'Chicheŵa apa mpogwera. Pa kaŵerengedwe ka amisiri kaja, zilembo a, b, c, d, e ndi f ziŵerengedwa ngati manambala. Tsono mukalemba ntha ndi kutsatiza 0175, Word adzatenga a wa kumapetoyo ngati mbali ya nambala, ndipo chofuna inu sichidzatuluka. Popeza ŵ wathu akonda kutsata a ndi e, musaiŵale U+ ameneyo.

Njira yachitatu ndi ya mnyamata kapena mtsikana wodziŵa makina, amene afuna kuthandiza parishi yonse kamodzi kokha. Kampani ya Microsoft ipereka kwaulere chipangizo chotchedwa Microsoft Keyboard Layout Creator, chopangira kaundula wa mabatani wa iwe mwini. Mutsegula kiyibodi imene muigwiritsa ntchito kale, posankha Load Existing Keyboard. Muchonga kabokosi ka AltGr, mudina pa chithunzi cha batani la W ndi kulembamo U+0175. Muchonganso ka Shift pamodzi ndi ka AltGr ndi kulembamo U+0174. Muipatsa kiyibodiyo dzina, muuza chipangizocho kuti chimange phukusi loikira, ndipo muliika m'kompyuta ndi chilolezo cha mwini wake. Kompyuta ikazimitsidwa ndi kuyatsidwanso, Alt wa kumanja pamodzi ndi w azitulutsa ŵ pena paliponse, mu Word, pa intaneti, ngakhale potcha dzina la failo, ndipo mabatani ena onse atsala monga analiri. Phukusilo mungalinyamule pa kafulashi kukaliikanso ku sukulu, ku nyumba ya masisitere ndi ku nthambi zonse za parishi. Imeneyi ndiyo njira imene mdzukulu wanga adatsata pomaliza.

Okhala ndi kompyuta ya Apple aonjeze kiyibodi yotchedwa ABC Extended. Pamenepo Option pamodzi ndi 6, kenaka w, zipereka ŵ. Okhala ndi Linux asankhe batani limodzi losagwira ntchito kwambiri likhale batani la Compose. Akalidina, nadina ^, nadinanso w, chilembo chituluka. Pa makina ambiri a Linux ithekanso kudina Ctrl, Shift ndi U pamodzi, kulemba 175, ndi kudina Enter.

Koma ndidziŵa kuti m'midzi mwathu kompyuta ndi zoŵerengeka, ndipo makalata ambiri opita kwa ana athu ku Lilongwe, ku Johannesburg ndi ku London alembedwa pa foni. Apa ntchito ipepuka. Pa iPhone, ikani chala pa w ndi kuchisiya pomwepo kanthaŵi. Ŵ adzaonekera pamwamba, ndipo mungotsetseretsa chala kumsankha. Pa foni ya Android yesani chomwecho; akapanda kuoneka, loŵani m'makonzedwe a kiyibodi, muonjeze chinenero cha Welsh, ndipo mudzampeza pansi pa w. Mafoni ameneŵa alinso ndi malo osungiramo mau a mwini foni. Mukasungamo nthaŵi, Malaŵi, Loŵeruka ndi ena amene mumalemba masiku onse, foni idzayamba kukupatsani yokha mutangolemba zilembo zoyamba.

Machenjezo

Chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Njira zimenezi nzabwino, koma zili ndi mbuna zake, ndipo m'zina mwa izo ife tidagwamo kale.

Choyamba, musalande batani la chilembo china. Mdzukulu wanga poyamba adaganiza mwanzeru ndithu kuti Chicheŵa sichigwiritsa q kapena x, tsono adaika ŵ pa batani la q. Masiku aŵiri zidayenda bwino. Tsiku lachitatu Bambo Mfumu adakhala pa kompyuta yomweyo kuti alembe za Misa ya akufa, ndipo pofuna kulemba Requiem adaona Reŵuiem. Adafufuta, nalembanso, nabwereza katatu, mpaka adaganiza kuti makina aonongeka. Choopsa koposa nchakuti munthu amene mau ake achinsinsi otsegulira makina ali ndi q angatsekeredwe kunja osadziŵa chifukwa, pakuti mau achinsinsi saoneka polemba. Kompyuta ya ku ofesi ili ngati chitsime cha mudzi: suikapo mwala popanda kuuza anzako. Ikani ŵ pa Alt wa kumanja ndi w, pemphani chilolezo kwa woyang'anira, ndipo matani kapepala pambali pa makina konena chimene mwasintha.

Chachiŵiri, chenjerani ndi kiyibodi yotchedwa United States International. Dzina lake likopa, ndipo ambiri aithamangira, koma pa Windows katsindwi kake kakwera pa a, e, i, o ndi u pokha, pa w ai. Kuonjeza apo, isandutsa kachizindikiro kodulira kaja ka mu ng' kukhala batani lakufa, kotero kuti wolemba ng'ombe aona ngómbe, wolemba ng'anjo aona ngánjo. Wapita kukafuna tsindwi, wabwerako ng'ombe itathyoka nyanga.

Chachitatu nchokhudza thumba. Uthenga wa pa foni wa mtundu wa SMS unyamula zilembo 160, malinga zonse zikhale za m'kaundula wake wamng'ono, ndipo ŵ mulibe m'menemo. Mukaikamo ŵ mmodzi yekha, foni isintha kalembedwe ka uthenga wonse, ndipo malo atsika kufika pa zilembo 70. Uthenga wautali udulidwa m'zidutswa za zilembo 67. Choncho uthenga wa zilembo 150, umene ukadapita ngati umodzi, upita ngati atatu, ndipo ndalama yake ikhala ya atatu. Mai amene atumiza uthenga wa maliro kwa abale khumi aŵerengere bwino pamenepa. Pa SMS katsindwi kapume. Pa WhatsApp ndi pa imelo vuto limeneli palibe.

Chachinai nchokhudza maina. Kwa kompyuta, w ndi ŵ ndi zilembo ziŵiri zosiyana, monga b asiyana ndi d. Polemba dzina la munthu pa mapepala a boma, a banki, a mayeso kapena a ulendo, lembani ndendende monga lidalembedwera pa chitupa chake, ngakhale mudziŵa kuti makolo ake ankalitchula ndi ŵ. Dzina likasiyana pa mapepala aŵiri, wovutika ndi mwini dzina, amene adzayenda maulendo ambiri kukalongosola. Alembi a parishi amene asunga maina a obatizidwa ndi a maukwati pa kompyuta agwirizane kalembedwe kamodzi ndi kukasunga, pakuti makina ena ukafunafuna dzina ndi w sakuonetsa lolembedwa ndi ŵ, ndipo munthu wobatizidwa bwinobwino angaoneke ngati mulibe m'buku. M'mau achinsinsi ndi m'keyala ya imelo musaikemo ŵ konse, chifukwa tsiku lina mudzakhala pa makina a eni ake amene alibe njira yanuyi.

Chachisanu nchokhudza kusindikiza. Si mtundu uliwonse wa zilembo uli ndi chithunzi cha ŵ. Mitundu yodziŵika monga Times New Roman, Arial ndi Calibri ili nacho. Koma ina yokongoletsedwa, imene achinyamata akonda pa makadi a ukwati, ilibe, ndipo pamalo pake patuluka kabokosi kopanda kanthu kapena chilembo chosafanana ndi zinzake. Musanapite kosindikiza, sungani kalata yanu ngati PDF, muiŵerenge bwino, ndipo sindikizani tsamba limodzi loyesera musanalamule mazana aŵiri.

Chimene titolepo

Abale anga, m'chaka cha 1963 Msonkhano Waukulu wachiŵiri wa ku Vatican udatsegula khomo kuti zinenero za anthu zimveke m'mapemphero a Eklezia, ndipo mu 1966 Akatolika a kuno adalandira Malembo Oyera onse m'chinenero chao, ntchito ya Bambo Louis Villy. Kuyambira pamenepo mau a Mulungu amene amveka pa guwa ndi a m'chinenero chimene tidayamwira. Ngati tichapa nsalu za pa guwa ndi kuzisita, tisaleke kusamalanso mau amene tilemba pa mapepala a maŵerengo, a nyimbo ndi a katekisimu. Wokopera ndime ya m'Buku Loyera aikopere monga iliri, ndi matsindwi ake onse, pakuti mau si ake. Ŵerengani Mateyo 5:18, muone kuti Ambuye athu sadanyoze ngakhale kachilembo kochepetsetsa, ndiponso Luka 16:10, pamene atiphunzitsa za kukhulupirika pa zazing'ono.

Tsono ndikupemphani zinthu zitatu. Inu achinyamata odziŵa makina, tengani tsamba lino, mukakonze kompyuta ya ku parishi kwanu ndi chilolezo cha Bambo Mfumu, ndipo muphunzitse mlembi ndi aphunzitsi a katekisimu. Inu agogo amene liu limeneli likali pakamwa panu, madzulo mukatha kolona khalani pansi ndi adzukulu, muŵatchulire mau, iwo alembe: kuŵala, kuŵeta, kuŵira, kuthaŵa, kusoŵa, mbeŵa. Mnyamata adziŵa batani koma sadziŵa poika katsindwi. Nkhalamba idziŵa poika koma sidziŵa batani. Mutu umodzi susenza denga, ngakhale denga lake likhale laling'ono chotere. Ndipo inu nonse, musanyozane pa nkhani imeneyi: wa ku Kasungu asaseke wa ku Chikwawa chifukwa cha katchulidwe, pakuti pa guwa tonse tilandira Mkate umodzi.

Pepala lija tidalilembanso sabata yotsatira, ndipo anyamata adaŵaza nkhuni, Bambo Mfumu nawaza madzi, aliyense pa ntchito yake. Nkhalamba ija idaliŵerenganso ndi chala mpaka pansi, nigwedeza mutu, ndipo idandiuza kuti pa mzere womaliza tidaiŵala katsindwi ka Loŵeruka. Tidakaika ndi cholembera, monga ankachitira alembi akale.

Mwezi wa maŵa, Mulungu akalola, tidzacheza za kasungidwe ka makalata a ubatizo ndi a ukwati m'nyumba, kuti chiswe ndi mvula zisaŵaononge. Hieronimo Woyera, amene adatha moyo wake akumasulira ndi kukopera Malembo, atipempherere ife tonse ogwira cholembera ndi makina. Tsalani ndi mtendere wa Ambuye, ndipo mundikumbuke m'mapemphero anu a m'banja.

Ndine wanu mwa Kristu,
Mphunzitsi Wokalamba